Zithunzi za ku Masaki, mphasa ya ku Buguruni

Ntchito yanga kuno ku Dar es Salaam ndi ya uwinga. Winga amagulitsa katundu amene si wake. Alibe shopu, alibe mpamba; chuma chake ndi foni, miyendo ndi pakamwa. M'mawa amalowa m'mashopu a ku Kariakoo, mumsewu wa Congo, wa Aggrey kapena wa Msimbazi, n'kujambula nsapato, zikwama, madiresi ndi mawigi. Zithunzizo amaziika pa WhatsApp ndi pa Instagram atakwezako mtengo pang'ono. Wina akatumiza ndalama, winga amathamangira kwa mwini shopu, kugula, kumanga katundu, kukakweza pa basi, ndipo kotsalako ndiko kake. Makasitomala anga ambiri ndi amayi a ku Mzuzu, Kasungu ndi Lilongwe omwe anatopa ndi ulendo wodzera pa Songwe, Kyela, Mbeya, Iringa mpaka Morogoro, msana uli phwa, kungodzagula mabelo awiri.

Ndinabwera mu 2019 kuchokera ku Dwangwa, satifiketi ya MSCE ili m'chikwama, potsatira azakhali anga omwe akhala zaka zambiri akugwira ntchito ya m'nyumba ku Mikocheni. Eni dziko amatitcha Anyasa, ndipo amadziwa kuti Mnyasa ntchito yake ndi kusesa, kuchapa ndi kuthirira maluwa. Ine sindinafune zimenezo. Ndinaphunzira Chiswahili msanga, ndinagula foni yabwinoko pa ngongole, n'kulowa m'chipwirikiti cha ku Kariakoo.

Sindinachedwe kuzindikira kuti diresi yojambulidwa itapachikidwa pa waya siyenda malonda. Imayenda ndi yomwe yavalidwa ndi munthu wosekerera, ali pamalo pooneka ndalama. Eni mashopu ena ankandilola kutenga diresi Loweruka madzulo n'kubweza Lolemba, kapepala ka mtengo nditakabisa mkati mwa khosi. Lamulungu ndikachoka ku tchalitchi ndinkakwera daladala kupita ku Coco Beach, ku Masaki kapena ku Mlimani City. Ndinkagula soda mmodzi n'kukhala naye mpaka zithunzi zitakwana. Mlatho wa Tanzanite utatsegulidwa mu 2022 unakhala malo anga okondedwa: nyanja kumbuyo, mphepo ikuulutsa wigi wa eni ake. Maoda anachuluka, ondilondola anachuluka. Pansi pa chithunzi chilichonse panali "Mulungu wakukweza mtsikana," "tiitaneni nafe," "mwasintha khungu."

Ndikamaliza kujambula ndinkabwerera ku Buguruni, m'kachipinda komwe tinkagonamo atsikana atatu pa mphasa ndi matiresi amodzi opyapyala. Madzi tinkagula pa chigubu. Mvula ya Epulo ikagwa, matope ankalowa mpaka pakhomo ndipo katundu wa makasitomala ndinkagona naye pamiyendo kuti asanyowe. Za ku Buguruni sindinajambulepo.

Bodza limeneli ndinkaliphika ndekha ndipo ndinkadziwa mchere wake wonse, komabe la anzanga ndinkalimeza osatafuna. Winga mnzanga akaika chithunzi atatsamira galimoto, mutu unkandiuza kuti galimotoyo ndi ya munthu amene waima pa banki, koma mtima unkati, "Waona? Anzako akupita, iwe watsala." Ndinkatsegula tsamba lake pakati pa usiku, kuwerenga ma like ake, kubwerera pa langa, kuwerenganso. Chithunzi changa chikapanda kulandira ndemanga msanga ndinkachichotsa, manja akunjenjemera ngati ndagwidwa ndikuba. Filter inkandiyeretsa khungu, kundichepetsa mphuno ndi kundisalaza masaya, mpaka nkhope ya pagalasi m'mawa inayamba kundinyansa. Ndinagula mafuta osakaniza oyeretsa khungu omwe kuno amati mkorogo, ndipo zipsera zake ndili nazo m'masayamu mpaka lero.

Pambuyo pake ndinamva za Frances Haugen, mayi yemwe ankagwira ntchito ku Facebook ndipo mu 2021 anatulutsa zikalata za mkati mwa kampaniyo n'kukapereka umboni ku nyumba ya malamulo ya ku America. Kafukufuku wa kampaniyo anasonyeza kuti mwa atsikana omwe sankakondwa ndi matupi awo, pafupifupi mmodzi mwa atatu ananena kuti Instagram inkawonjezera kusakondwako. Amenewo ndi atsikana a m'maiko akutali. Nanga mwana wa ku Dwangwa amene waona nyumba zosanjikizana koyamba ali ndi zaka 20?

Tulo ndi tomwe tinayamba kuthawa. Bandulo ya usiku inali yotchipa, choncho zithunzi ndi mavidiyo a katundu ndinkatumiza anthu atagona. Ndikamaliza ntchito chala sichinkaima. Masamba a mchezowa anapangidwa kuti asakhale ndi pothera: ukamaliza vidiyo imodzi, ina yayamba kale. Amaonanso pomwe diso lako lachedwa n'kukubweretsera zofanana nazo. Ukachedwa pa vidiyo ya ukwati wa munthu wotchuka, mawa ukudzuka ndi maukwati okhaokha. Ukachedwa pa mtsikana wolira kuti moyo wamulemera, akupatsa wina, kenako wina, mpaka umaganiza kuti dziko lonse likulira ndipo palibe chifukwa chodzukira. Mu 2023 mkulu wa za umoyo m'boma la America, Vivek Murthy, anachenjeza kuti achinyamata omwe amatha maola oposa 3 patsiku pa masambawa ali pachiopsezo chowirikiza kawiri cha nkhawa ndi kuvutika maganizo. Ine maola atatuwo ndinkawadutsa dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ndinali ndi chodzikhululukira chabwino: ndili pa ntchito.

Zithunzi zija zinafikanso kumudzi. Amayi alibe foni ya intaneti, koma anthu ankawaonetsa. "Mwana wanu ali pabwino ku Tanzania," ankatero pa chitsime, pa maliro, pa msonkhano wa amayi a mvano. Mauthenga anayamba kubwera: feteleza, fizi, malata a khitchini, bokosi la maliro a agogo a kuchimuna. Msuweni amene sitinalankhulane chichokere ankayamba ndi "bwana" n'kumaliza ndi nambala ya Mpamba. Ndikanakana bwanji, dzulo lake nditaika chithunzi ndili pa hotela ya m'mbali mwa nyanja? Ndinkatumiza, ine n'kugonera tiyi ndi chapati chimodzi.

Chaka cha 2023 chinandivula. Mu Meyi eni mashopu a ku Kariakoo anatseka zitseko kwa masiku angapo podandaula za misonkho, mpaka nduna yaikulu Kassim Majaliwa anachita kubwera kudzakambirana nawo. Winga shopu ikatseka alibe chojambula. Kenako mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, itagwetsedwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Diresi yomwe mayi wa ku Kasungu ankagula osafunsa inakhala ya mtengo wa thumba la chimanga. Maoda anauma. Munthu wanzeru akanalemba poyera kuti zinthu zavuta. Ine ndinaonjezera zithunzi, poopa kuti makasitomala akanunkhiza umphawi athawa, ndiponso, ndinene zoona, poopa kusekedwa ndi atsikana omwe ndinaphunzira nawo.

Ngongole inandipeza pa foni pomwepo, pakati pa mavidiyo: "Kongola lero, popanda chikole, ndalama m'mphindi zochepa." Umatsitsa app, umajambula nkhope ndi chiphaso, kenako imakupempha chilolezo choona manambala onse a m'foni mwako. Ndinavomera osawerenga. Ndalama zomwe umalandira zimakhala zochepa kusiyana ndi zomwe wasainira, poti amadulirapo zawo, ndipo sabata ikangotha akufuna zonse ndi chiwongoladzanja. Ndinakongola kwina kuti ndibweze kwina. Anthu a kuno ngongole zotere amazitcha kausha damu, zouma magazi, ndipo sananame.

Tsiku lomwe ndinalephera kubweza, uthenga unapita kwa aliyense wa m'foni mwanga: makasitomala, eni mashopu, mkulu wa mpingo, mwamuna wa azakhali, aphunzitsi anga akale a ku sekondale. Anatenga chithunzi changa chimodzi cha ku Coco Beach n'kulembapo kuti ndine tapeli, wakuba, aliyense asamale nane. Pofika madzulo screenshot yake inali m'magulu a WhatsApp a amalonda a ku Malawi. Ndemanga zinagwa ngati matalala. Omwe ankalemba "Mulungu wakukweza" ndi omwenso analemba "tinkadziwa, ndalama za ku Dar zili ndi eni ake." Ena anati ndimadya za madala a ku Masaki. Mayi wina amene katundu wake anali kale pa basi anajambula vidiyo akunditukwana, ndipo inayenda kuposa chithunzi chilichonse chomwe ndinaikapo.

Ndinawerenga ndemanga iliyonse. Ndinkatseka foni, kuiika pansi pa pilo, n'kuitulutsanso kuti ndione ngati pabwera ina. Ndikudziwa kuti wowerenga wina akuti, "Bwanji osangozimitsa?" Ndinkadzifunsa funso lomwelo. Koma m'foni momwemo ndi momwe mukanabwera oda yomwe ikanandipulumutsa, choncho kulira kulikonse kwa foni kunali chiyembekezo ndi mantha pamodzi. Mtima unkagunda mpaka m'makutu. Chifuwa chinkathina ngati wina wakhalapo. Chakudya chinasiya kukoma. Ndinasiya kupita ku Kariakoo, kenako ku tchalitchi, kenako ngakhale kukasamba kunakhala ntchito yoti ndiiganizire tsiku lonse. Ndipo m'masiku omwewo, ndili gone pa mphasa tsitsi lili nyankhalala, ndinkaikabe zithunzi zakale pa status ndi mawu akuti "Mulungu ndi wabwino." Maganizo oti bola kungochoka pa dziko anayamba kubwera usiku, poyamba mwa apo ndi apo, kenako anakhazikika.

Anzanga a m'chipinda ananditengera ku kachipatala ka pafupi. Anandiyeza malungo, typhoid ndi UTI, monga amachitira ndi aliyense wodandaula mutu ndi kufooka, n'kundipatsa mapilitsi. Palibe anandifunsa ngati ndikugona, nanenso sindinanene. Mnzanga wina anati ndi nsanje ya anthu akumudzi, andiponyera. Wina anabwera ndi anthu a mapemphero. Pemphero sindilinyoza, linandigwira dzanja m'masiku amenewo, koma ngongole inalipobe ndipo tulo sitinabwere.

Azakhali anabwera Lamulungu lina, tsiku lawo lokhalo lopuma. Anaima pakhomo, anayang'ana mphasa, chigubu, mulu wa zovala, kenako ine.

"Ndiye ku Masaki kwake n'kuno?"

Sindinayankhe.

"Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Dzuka, mwana wa achimwene. Wadya liti?"

"Sindikukumbuka, azakhali."

"Nanga kugona?"

Ndinangoyamba kulira. Anakhala pansi, nandifunsa mosazungulira ngati ndaganizapo zodzipha. Palibe munthu anali atandifunsapo choncho, ndipo ndinadabwa kuti funsolo silinandiopse, linandipepuza. Ndinavomera. Sanakuwe, sananditchule wochimwa. Anangoti, "Usiku uno ukagona kwanga. Mawa tikupita ku Muhimbili." Mayi amene sanafike Sitandade 8 anadziwa zomwe ife a MSCE ndi mafoni athu sitinadziwe, poti anaonapo mwana wa abwana awo akale akudwala chimodzimodzi n'kuchira.

Ku chipatala chachikulu cha Muhimbili kuli gawo la matenda a maganizo. Ndinkachita manyazi kukhala pa benchi, ndikuganiza kuti kumeneko n'kwa amisala ovula. Omwe ndinakhala nawo anali ophunzira a ku yunivesite, mayi wa khanda, mnyamata wa bodaboda amene njuga za mpira za pa foni zinamudyera njinga. Dokotala anandifunsa mafunso ambiri, modekha, n'kundiuza kuti ndili ndi sonona, matenda ovutika maganizo, pamodzi ndi nkhawa, ndipo kuti ndi matenda ngati ena onse. Anandipatsa mankhwala nandichenjeza kuti sagwira tsiku limodzi, amatenga masabata. Ananditumizanso kwa mlangizi. Chomwe chinandikhazika mtima pansi n'chakuti palibe mwa iwo anati nditaye foni. Mlangiziyo anandifunsa kuti pa maola onse omwe ndimakhala pa foni, ndi angati omwe amabweretsa ndalama. Titawerengera pamodzi, anali ochepa ochititsa manyazi. Otsalawo ndinkangodzipweteka nawo.

Ngongole anandithandiza kubweza ndi azakhali, ndi ndalama za chipeleganyu chawo zomwe ankasungira malata a nyumba yawo kumudzi. Ndikuwabwezerabe.

Koma chomwe chimandiwawa kuposa zonsezi si changa. Ndili ndi mng'ono wanga, chitsirizira m'banja mwathu, amene pa nthawiyo anali Fomu 3. Foni yanga yakale ndinamutumizira ine ndemwe. Ndili mkati mochira, amayi anandiimbira kuti mwanayu wasintha: nsima ya madzulo akukana, akuti ikumunenepetsa, ndalama ya sopo wagulira mafuta oyeretsa khungu, kusukulu akupita mwa apo ndi apo, usiku amafunda chitenje kumutu, kuwala kwa foni kukuonekera. Screenshot ija iye anaiona, koma sanaikhulupirire. Anati ndi adani ansanje. Zithunzi anazikhulupirira.

Anandiimbira yekha tsiku lina. "Asisi, sukulu yandikwana. Munditumizire ya basi ndibwere, ndizikuthandizani. Inu munaphunzira mpaka Fomu 4, koma si sukulu yakufikitsani pamenepo."

Ndinamuuza kuti adikire, ndimuimbira ya vidiyo. Ndinatembenuza kamera. Ndinamuonetsa mphasa, denga lodontha, chimbudzi chomwe timagwiritsa ntchito mabanja onse a pa mpandawo, ngalande ya madzi akuda pakhomo. Ndinamuonetsa mapilitsi anga. Ndinachotsa mpango n'kuyandikiza nkhope ku kamera popanda filter, aone masaya omwe mkorogo unawotcha. Ndinamuuza za diresi lililonse lomwe analisirira, kuti linali la eni ake ndipo Lolemba linkabwerera pa waya.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye munkatinamiza tonse? Ndi amayi omwe?"

"Eya."

Anadula foni. Kwa nthawi ndithu sankayankha mauthenga anga, ndipo ndinalibe mawu omudzudzulira. Ine ndinkaganiza kuti zithunzizo ndikunamiza makasitomala ndi anzanga onyada. Sindinaganize kuti wozikhulupirira kwambiri ndi mwana wa m'mimba imodzi ndi ine, amene ankadzifanizira ndi munthu amene kulibe. Anabwerera kusukulu ndipo mayeso analemba. Timalankhulana tsopano, koma ulemu uja ankandipatsa sunabwererebe wonse. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa ana a zaka 10 mpaka 19, mmodzi mwa asanu ndi awiri ali ndi vuto la maganizo. Ndikaona chiwerengero chimenecho ndimaona mng'ono wanga ali m'chitenje, ndipo ndimadziwa amene anamupatsa foni ndi zoonera zake.

Mu Novembala 2024 Banki Yaikulu ya Tanzania inatulutsa mndandanda wa ma app 69 okongoza ndalama popanda chilolezo n'kuwaletsa. Malamulo aliponso: la milandu ya pa intaneti la 2015, la kuteteza zinsinsi za anthu la 2022, ndipo kwathu ku Malawi kuli la 2016 lomwe limaletsa kuzunza munthu pa intaneti. Koma Amalawi ambiri a kuno mapepala awo sali bwino, ndipo munthu wotere sapita ku polisi kukadandaula kuti wanyozedwa pa WhatsApp. Amangomeza. Ndikudziwa atsikana a ntchito za m'nyumba omwe zithunzi zawo za m'chipinda zinafalitsidwa ndi zibwenzi zakale, ndipo sanauze munthu mpaka thupi linayamba kuwanenera.

Mayeso a kuchira kwanga anabwera pa 29 Okutobala 2025, tsiku la chisankho, pomwe intaneti inazimitsidwa m'dziko lonse kwa masiku angapo, mumzinda muno anthu n'kuletsedwa kuyenda usiku. Sindinena kuti anali masiku a mpumulo, monga ndamvera ena akunenera mwachibwana. Kunja kunkamveka mfuti, anthu anafa, ndipo amayi ku Dwangwa sankadziwa ngati ndili moyo. Intaneti itabwerera, mafoni anadzaza ndi mavidiyo a mitembo. Anyamata a pa mpanda pathu ankawaonera mobwerezabwereza, kupatsirana, kenako usiku kumawamva akubwebweta. Ine ndinaonera imodzi, chifuwa chinathina monga kale, ndipo ndinazindikira chizindikirocho. Nkhani ndinazimva pa wailesi ndi kwa anthu, mavidiyo sindinatsegulenso, ndipo sabata yomweyo ndinapita kukaonana ndi mlangizi.

Dziko la Australia linaletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi masamba a mchezo kuyambira mu Disembala 2025. Mwina kumeneko zitheka. Kuno mwana wa zaka 17 akudyetsa banja ndi status ya WhatsApp, ndipo kumuuza kuti asiye foni n'kumuuza kuti agone ndi njala. N'chifukwa chake malangizo a akuluakulu akuti "mafoniwa akuwonongani, tayani" amangodutsa pamwamba pa mitu yathu. Ine foni ndikadali nayo, uwinga ndikuchitabe. Katundu ndimajambulira pa kauntala kapena pa chidole cha mushopu, nkhope yanga siionekanso. Nambala ya malonda ndi ina, ya abale ndi ina, ndipo ya malonda imazima ikakwana 9 koloko usiku. Masamba a anthu omwe ankandipweteketsa mtima ndinasiya kuwalondola, ngakhale sanandilakwire. Malonda anatsika, ndisakunamizeni. Chidole sichigulitsa ngati mtsikana wa pa mlatho wa Tanzanite. Achibale ena anasiya kundiimbira atamva kuti ndilibe. Koma ndimagona.

Inu makolo muli ndi ana ku Dar, ku Joni, ku Lilongwe, ngakhale m'chipinda chapafupi ndi chanu: mwana akasiya kudya, kugona, kusamba kapena kucheza kwa masabata awiri kapena kuposa, musathamangire kunena kuti ndi ulesi kapena ufiti. Mufunseni mosazungulira monga anandifunsira azakhali, ndipo mupite naye kuchipatala. Kwathu kuli Zomba Mental Hospital, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo mukhoza kuyambira pa chipatala cha boma cha m'boma lanu. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana, ku Malawi ndi ku Tanzania komwe. Ndipo mwana wanu wa kutali akaika chithunzi chokongola, musanamutumizire mndandanda wa zosowa za pakhomo, muimbireni kaye mumufunse komwe akugona ndiponso ngati wadya.